Njira ya Chithandizo pa Mapiri a ku Thyolo

Munthu akayenda pa msewu wochokera ku Limbe kunka ku Thyolo m'mwezi wa Febuluwale, aona dziko lokondweretsa maso. Minda ya tiyi yayalika pa zitunda zonse, yosalala ngati mphasa, ndipo othyola tiyi ali kugwira ntchito yao m'mizere, madengu ali kumsana. Kum'mawa kuoneka phiri la Mulanje, limene nsonga yake ya Sapitwa italika mamita 3,002. Kumadzulo kuli phiri la Thyolo, ndipo kuseri kwake dziko litsetsereka kolimba kufikira ku chigwa chotentha cha mtsinje wa Shire. Mlendo akaona izi anena kuti kuno ndiko kwa anthu a mwai, pakuti mvula sisowa. Koma eni dziko adziwa kuti walira mvula walira matope, ndi kuti zitunda zomwezi zimene zibala tiyi zikhoza kutsekera munthu m'mudzi mwake masiku ambiri, wopanda ufa, wopanda mankhwala, wopanda wom'fikira.

Mwezi uno tifuna kukumbutsana mbiri ya chinthu chimodzi, ndicho m'mene chithandizo chakhala chikukwerera mapiri athu ano pa nthawi ya tsoka, kuyambira masiku a makolo athu kufikira chaka cha 2023. Ambiri ayesa kuti pa njala kapena pa chigumula chinthu chovuta koposa ndicho kupeza chimanga. Mbiri itionetsa kuti kawirikawiri chimanga chipezeka, ndi anthu ofuna kupatsa apezekanso. Koma pakati pa thumba la chimanga ndi mphika wa mai wamasiye pali mtunda, pali mtsinje, pali phiri. Ndipo pamenepo ndi pamene miyoyo itayika kapena kupulumuka.

Masiku a mabwato ndi a mtengatenga

Tiyambe ndi chaka cha 1861. M'chaka chimenecho Bishopu Charles Mackenzie ndi anzake anamanga misoni yao ku Magomero, atawatsogolera Dotolo David Livingstone. Masiku amenewo kunalibe msewu kapena njanji. Katundu yense wochokera ku nyanja ya mchere anakwera ndi mtsinje wa Zambezi ndi wa Shire kufikira kwa Chibisa, pafupi ndi Chikwawa, ndipo kuchokera pamenepo anakwera mapiri pa mitu ya anthu. Bishopu anapangana ndi Livingstone kuti akakomane pamene mtsinje wa Ruo uthira m'Shire, malo amene lero tiwatcha Chiromo. Koma inali nyengo ya dzinja, mitsinje inadzala, ndipo ulendo unachedwa. Ali kutsika ndi Shire, bwato lao linagubuduka, ndipo mankhwala a malungo anatayika m'madzi. Bishopu anafika pa malo opangana Livingstone atapitirira kale. Malungo anam'gwira, namwalira pa 31 Januwale 1862. Mnzake wa paulendo, Henry Burrup, anthu anam'nyamula kubwerera naye ku Magomero, ndipo iyenso anamwalira m'mwezi wotsatira. Mankhwala ake a nthendayo anali odziwika, ndipo anthuwa ananyamuka nao. Chimene chinawapha ndicho njira.

M'chaka chomwecho ndi chotsatira chake kunagwa chilala chachikulu, ndipo popeza dziko linali losokonezeka kale ndi nkhondo za ogwira akapolo, Amang'anja anafa ochuluka ndi njala. Amisoni, amene anali atasamukira kwa Chibisa, anayesa kudyetsa anthu amene anali m'manja mwao, koma chakudya chinali kutali, ndipo m'chaka cha 1863 anachoka m'dziko lino.

Kodi chinaletsa n'chiyani kuti chakudya chichokere kutali? Tiwerengere pamodzi. Munthu wamphamvu asenza katundu wolemera ngati makilogalamu 25 pa ulendo wautali, ndipo iye mwini adya ngati kilogalamu imodzi ya ufa pa tsiku. Akayenda masiku 5 kupita ndi masiku 5 kubwerera, wadya makilogalamu 10, ndipo ofika kwa anjala ndi 15 okha. Akayenda masiku 12 kupita ndi 12 kubwerera, wadya pafupifupi katundu wake yense. Chifukwa chake masiku akale njala ya dera limodzi sinathe kuchiritsidwa ndi dzinthu za dera lakutali. Anthu ndiwo anayenda kutsata chakudya, kukasuma kwa abale, ndipo ofooka anatsala m'njira. Makolo athu anadziwa bwino kuwawa kwa ntchito yosenza imeneyi, pakuti pa nkhondo ya 1914 kufikira 1918 amuna a dziko lino ngati 200,000 anagwira ntchito ya mtengatenga, kusenzera asilikali chakudya ndi zida, ndipo ambiri sanabwerere kwao.

Njanji ikwera mapiri

Zinthu zinasintha m'chaka cha 1908, pamene njanji yochokera ku Port Herald, kumene lero ndi ku Nsanje, inafika ku Blantyre. Njanjiyo inaoloka Shire pa ulalo wa pa Chiromo, nikwera motsata mtsinje wa Ruo, kupyola Sankhulani, Thekerani, Sandama, Khonjeni ndi Luchenza, kufikira ku Limbe. Kuchokera ku Chiromo kufika ku Limbe sitima inakwera mamita oposa 1,000, ikukhotakhota m'mbali mwa zigwembe. M'chaka cha 1935 unatha ulalo waukulu wa Dona Ana pa Zambezi, ndipo kuyambira pamenepo katundu anatha kuchoka ku doko la Beira kufika ku Luchenza osatsika m'ngolo.

Njanji imeneyi anaimangira malonda. Tiyi anayamba kubzalidwa ku Mulanje m'chaka cha 1891 ndi Henry Brown, ndipo pambuyo pake anafika ku Thyolo. Munda wa Satemwa anauyamba Maclean Kay m'chaka cha 1923. Minda ya tiyi inafuna manja ambiri, ndipo Alomwe ochuluka anaoloka Ruo kuthawa nkhanza za ulamuliro wa Apwitikizi, nakhala pa malo a Azungu, nalipira malowo ndi ntchito ya thangata. Eni minda analambula misewu yoyendamo ngolo ndi magalimoto kuti masamba afike msanga ku fakitale, ndi mabokosi a tiyi afike ku siteshoni. Koma malo abwino ndi osalala atalowa m'minda ya tiyi, anthu a m'midzi, amene anali kuchulukirachulukira, anakwera kukalima ndi kumanga pa zitunda zotsetsereka ndi m'mphepete mwa mitsinje, kumene misewu sinafike. Pa kalembera wa 2018 anthu a m'boma la Thyolo anaposa 700,000. Tisaiwale chimenechi, pakuti ndicho chimasulira chifukwa chake m'dziko la misewu yambiri chotere muli midzi yovuta kuifikira.

Njala ya 1949

Taonani tsono m'mene dziko lonse linapachikidwira pa chingwe chimodzi. M'chaka cha 1948 madzi a Shire anakokolola ulalo wa njanji wa pa Chiromo, ndipo ulalo watsopano sunathe kufikira 1950. M'zaka zimenezo katundu yense wochokera ku Beira anayenera kuoloka mtsinje pa madzi, ntchito yochedwa ndi yotopetsa. Ndipo mvula ikakuona litsiro sikata: kumapeto kwa 1948 mvula inayamba bwino, anthu nabzala, koma inaleka pakati pa dzinja, dzuwa linaomba masabata ambiri, ndipo chimanga chinauma chisanabereke. Njala inakula koposa m'boma la Blantyre, makamaka ku Lunzu ndi ku Lirangwe, koma inakhudza dziko lonse la kum'mwera.

Bwanamkubwa wa masiku amenewo, Geoffrey Colby, anali atafika chaka cha 1948 chomwecho. Boma linalibe nkhokwe yaikulu ya chimanga, ndipo linayenera kugula chakudya kunja. Zonse pamodzi linaitanitsa matani ngati 25,000, koma katundu woyamba anachedwa. Doko la Beira linali lothinana ndi katundu wa maiko ena, ndipo thumba lililonse linayenera kudikira nthawi yake pa Chiromo lisanakwere mapiri. Litafika ku Limbe kapena ku Luchenza, ulendo unali usanathe, pakuti magalimoto anali owerengeka, ndipo malo ogulitsirapo chakudya anali otalikirana. Anthu anayenda mitunda yaitali nakaima pa mzere, ena nabwerera chimanjamanja.

Pano pali chinthu choyenera kuchisinkhasinkha. Chakudya chija chinayenda motsata njira za ntchito ndi za ndalama. Ogwira ntchito m'Boma, m'makampani ndi m'minda ya Azungu analandira phoso, kapena anali ndi ndalama zogulira. Koma nkhalamba, akazi osiyidwa ndi ana aang'ono analibe bwana wowalembera dzina, ndiponso analibe mphamvu yoyenda ulendo wa tsiku lathunthu. Amuna ambiri ananka ku Ntcheu, ku Neno, ku Mwanza ndi ku dziko la Apwitikizi kukasuma, ndipo ena sanabwerere. Otsala anadya madeya, mizu ndi zipatso za m'thengo. Misasa yodyetserako ofooka inatsegulidwa kuchiyambi kwa 1950, njala itafika kale poipa. Boma linawerenga kuti akufa anali ngati 200, koma odziwa mbiri anena kuti anaposa pamenepo, pakuti nkhalamba yofera m'nyumba mwake kumudzi siinalowe m'buku la Boma. Mai Megan Vaughan, amene anafunsa anthu a m'boma la Blantyre za njala imeneyi nasindikiza buku lake m'chaka cha 1987, anapeza kuti akazi anaikumbukira monga chaka chimene mabanja ambiri anapasuka.

Njala ya 1949 itiphunzitsa zinthu ziwiri. Choyamba, dziko lokhala ndi khomo limodzi lili pa ngozi. Chachiwiri, chakudya chikafika pa siteshoni sindiko kuti chafika m'kamwa mwa wanjala.

Napolo

Tsoka la chilala libwera pang'onopang'ono, ndipo lipatsa anthu miyezi yokonzekera. Tsoka la phiri libwera usiku umodzi. Makolo athu analitcha Napolo, nanena kuti ndi chinjoka chokhala pansi pa phiri, chimene chikafuna kusamukira ku nyanja chigumula nthaka ndi kukokolola zonse za m'njira mwake. M'mwezi wa Disembala 1946 Napolo anatsika pa phiri la Zomba, naononga maulalo ambiri, napha anthu oposa 20, ndipo mzinda umene unali likulu la dziko unadulidwa njira. Pa 10 Malichi 1991 anatsika pa phiri la Michesi ku Phalombe, ndipo anthu ngati 500 anafa. Miyala yaikulu ngati nyumba inagubuduzika kufika m'midzi ndi pa malo a malonda, ndipo misewu inakwiririka. Tsoka limenelo ndilo linachititsa Boma kukhazikitsa lamulo la 1991 lokonzekera ngozi zogwa mwadzidzidzi, pakuti linaona kuti panalibe dongosolo lokhazikika lothandizira anthu.

Anthu ophunzira za nthaka afotokoza Napolo motere. Pa phiri pali dothi lokhala pamwamba pa thanthwe, monga nsima ikhala pa mbale yopendekeka. Mvula ikagwa masiku angapo osaleka, madzi alowa m'dothi kufikira pa thanthwe, ndipo popeza sangathe kulowa m'mwala, ayenda pakati pa dothi ndi thanthwe. Dothi lilemera ndi madzi, pansi pake paterera, ndipo pa nthawi imodzi chigawo chonse chisuntha. Chikagwera m'khwawa chisanganikirana ndi madzi, miyala ndi mitengo, ndipo chitsika ndi liwiro loposa la munthu wothamanga. Mizu ya mitengo ithandiza kumanga dothi ndi kuchepetsa kuthamanga kwa madzi. Chifukwa chake tiyenera kumva chisoni kuti nkhalango yowirira ya pa phiri la Thyolo inatha pafupifupi yonse m'zaka za m'ma 1990 ndi zoyamba za m'ma 2000, ndipo kachigawo kotsala kali mbali ya ku Satemwa. Komabe tinene zoona: mvula ikapyola muyeso, ngakhale phiri la mitengo ligumuka. Mitengo ichepetsa ngozi, siichotsa yonse.

Kwa onyamula chithandizo, choipa cha Napolo ndi ichi, kuti aononga njira pa nthawi yomweyo imene njirayo ifunika koposa. Msewu wa m'mapiri uoloka timitsinje tambiri, ndipo kaulalo kamodzi kakachoka, galimoto yonyamula matani 30 iima pomwepo, ngakhale msewu wonse wotsala uli wabwino.

Makhanga, 2015

Madzi ogwa pa mapiri athu sathera kuno. Ruo achokera pa phiri la Mulanje, alandira madzi a Thuchila ndi a mitsinje ya ku Thyolo, natsika nao onse ku Chiromo. M'chaka cha 1997 madzi anadulanso njira ya njanji ndi msewu pakati pa Bangula ndi Chiromo, pa malo amene anthu awatcha Mtayamoyo, ndipo kuyambira pamenepo anthu a tsidya la kum'mawa kwa Shire anaoloka pa mabwato. Njira yao ina ya pamtunda inali msewu wochokera ku Thyolo kupyola Makwasa ndi Thekerani, wotsika phiri kunka ku Muona ndi ku Makhanga, umene masiku amenewo unali wa dothi m'mbali zambiri, woterera ndi woopsa m'dzinja.

M'mwezi wa Januwale 2015 kunagwa mvula yoopsa, ndipo pa 13 Januwale Pulezidenti Peter Mutharika analengeza kuti maboma 15 ali pa ngozi. Anthu 106 anafa, 172 anasowa, ndipo ngati 230,000 anathawa m'nyumba zao. Ruo anasiya njira yake yakale nadzera m'midzi, ndipo Makhanga anasanduka chilumba. Kwa masabata ambiri chakudya, mankhwala ndi anamwino zinafika kumeneko pa ndege za helikopita ndi pa maboti basi. Anthu a ku Thyolo akhoza kuyesa kuti iyi ndi nkhani ya kuchigwa. Koma madzi amene anamiza Makhanga anali madzi a pa zitunda zathu, ndipo msewu umene ukadawapulumutsa unali msewu wathu.

Namondwe wa Freddy, 2023

Tsoka loposa onse m'masiku athu linadza m'mwezi wa Malichi 2023. Namondwe amene anam'tcha Freddy anabadwira pa nyanja kufupi ndi Australia, nayenda masiku 36, nthawi yaitali koposa anamondwe onse olembedwa m'mabuku. Pa 11 Malichi analowa ku Mozambique pafupi ndi Quelimane, ndipo mvula yake inakhuthukira pa mapiri a kum'mwera kwa dziko lino masiku angapo osaleka. Phiri la Soche linagumukira pa nyumba za ku Chilobwe mu Blantyre; ku Chiradzulu mudzi wa Ntauchira unakokoloka; ku Mulanje ndi ku Phalombe mitsinje inatsika ndi miyala. Pa 13 Malichi Pulezidenti Lazarus Chakwera analengeza kuti maboma a kum'mwera ali pa ngozi, ndipo Thyolo anali m'gulu limenelo. Boma linawerenga akufa 679, osowa 537, ndi othawa m'nyumba zao oposa 650,000. Ambiri a iwo anagona m'masukulu ndi m'matchalitchi, ndipo zinachitika pa nthawi imene dziko linali kale pa mliri waukulu wa kolera.

Oyamba kuthandiza anali anansi. Asanafike asilikali, apolisi ndi a Red Cross, anthu anali atayamba kale kukumba matope ndi makasu ndi manja, kufuna abale ao. Pambuyo pake chithandizo chinachuluka: Tanzania ndi Zambia anatumiza ndege za helikopita, mabungwe a kunja anabweretsa chakudya ndi mahema, ndipo Amalawi a m'mizinda ndi okhala ku maiko ena anasonkha ndalama ndi zovala. Koma nkhani ya 1862 ndi ya 1949 inabwereranso. Katundu anaunjikana ku Blantyre, pamene madera monga Nkhulambe ku Phalombe ndi Muloza ku Mulanje anakhala masiku ambiri osafikika pa msewu.

Wina angafunse kuti, popeza masiku ano kuli ndege, chovuta n'chiyani? Tiwerengerenso. Anthu 10,000 akalandira magalamu 400 a ufa yense pa tsiku, afuna matani 4 tsiku lililonse, osawerengera nyemba, mafuta, mchere, zofunda ndi mankhwala. Helikopita yaikulu inyamula matani awiri kapena atatu pa ulendo umodzi, imwa mafuta a mtengo wapatali, ifuna bwalo losalala ndi louma poterapo, ndipo siingauluke pakati pa mapiri mtambo ukatsika. Tonse tidziwa chiperoni cha kuno, m'mene chibisira phiri lonse masiku awiri kapena atatu. Tsono ndege ili yabwino potenga wovulala ndi mai wapakati, ndi pofikitsa mankhwala. Koma kudyetsa dera lathunthu kwa mwezi ndi ntchito ya msewu. Ndipo pamene galimoto yalekezera, thumba likwera pa njinga. Pamene njinga yalephera, likwera pa mutu, monga m'masiku a mtengatenga.

Maiko ena a mapiri

Tisayese kuti vuto ili ndi la ife tokha, kapena kuti lichokera ku umphawi wokha. M'mwezi wa Malichi 2019 namondwe wa Idai, amene anaononganso kuno, anagumula mapiri a Chimanimani ku Zimbabwe, ndipo misewu itaduka, othandiza anachedwa masiku kufika kwa ovulala. Pa 25 Epulo 2015 chivomezi chinagwedeza dziko la Nepal, kumene kuli mapiri aatali koposa onse a dziko lapansi, ndipo anthu ngati 9,000 anafa. Kumeneko mpweya wa pamwamba uli wopepuka, kotero kuti helikopita siingathe kunyamula katundu wolemera monga ichitira kuchigwa. Maiko olemera anatumiza ndege zao, komabe bungwe la World Food Programme linalemba ntchito anthu osenza katundu a m'dzikomo pamodzi ndi nyulu zao, kuti akonze tinjira ta m'mapiri ndi kufikitsa mpunga ku midzi ya pamwamba. Ndalama za chithandizo zinalowa m'manja mwa eni dziko, ndipo njira zinatsala zokonzeka. Nzeru imeneyi iyenera kuti ife a ku Thyolo ndi ku Mulanje tiisunge.

Zimene tiyenera kuchita dzinja lisanadze

M'chaka cha 2023, Freddy atapita, Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa lamulo latsopano la ngozi zogwa mwadzidzidzi m'malo mwa lija la 1991. Lamulo ndi chinthu chabwino, koma lamulo silisenza thumba. Pali ntchito zina zimene mbiri iyi iika m'manja mwathu, ife a m'midzi.

Yoyamba ndiyo kusunga pafupi. Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Thumba limodzi lokhala tsidya lino la mtsinje m'mwezi wa Novembala liposa matumba khumi okhala ku Limbe m'mwezi wa Malichi. Mudzi, mpingo kapena sukulu zikhoza kusunga pa malo okwera ndi ouma ufa pang'ono, mchere, mankhwala otsukira madzi, zingwe ndi makasu, zokwanira masiku oyamba aja pamene wakunja sanafike. Ndipo tipemphe a Boma ndi a mabungwe kuti katundu wao wa chithandizo adziikiratu m'madera ovuta misewu ikali youma.

Yachiwiri ndiyo kusamala njira. Kaulalo kakang'ono kagwa kawirikawiri chifukwa ngalande yake yatsekeka ndi zinyalala ndi mchenga, madzi nadzera pamwamba. Kutsegula ngalande ndi ntchito ya tsiku limodzi ya amuna khumi. Tinjira takale ta miyendo, todutsa pa zitunda osaoloka mitsinje yaikulu, tisatilime kapena kutitseka, ndipo achinyamata atidziwe, pakuti tsiku lina tidzakhala khomo lokhalo la mudzi.

Yachitatu ndiyo kudziwa anthu athu ndi maina ao. M'chaka cha 1949 anafa ndiwo amene sanalembedwe pena paliponse. Mfumu ndi komiti ya m'mudzi akhale ndi buku lonena nyumba zimene muli nkhalamba, olumala, odwala a mankhwala a tsiku ndi tsiku, akazi apakati ndi ana amasiye, ndiponso dzina la munthu amene adzathamangire ku nyumba iliyonse. Chithandizo chikafika, buku lomwelo liletsa kuti amphamvu alandire kawiri pamene ofooka sanalandire konse.

Yachinai ndiyo kumvera phiri ndi kumvera chenjezo. Mng'alu watsopano m'munda kapena pa khoma, mtengo wopendekeka umene dzulo unali chilili, kasupe wotuluka pamene panalibe kasupe, mtsinje wophwa mwadzidzidzi mvula ili kugwa, mkokomo wochokera kumtunda: zonsezi zinena kuti chokani tsopano. Pothawa musatsike ndi khwawa. Tulukani m'khwawamo, mukwere chammbali. Malo othawirako apanganidwe dzuwa likali kuwala, ndipo a zanyengo akachenjeza pa wailesi, tisanene kuti makolo athu anakhala pompano osaona kanthu.

Yachisanu ikhudza minda ya tiyi. M'boma lino mathirakitala, misewu yosamalidwa, nyumba zazikulu zosungiramo katundu ndi zipatala zazing'ono zipezeka kwambiri m'mindamo. Nkwabwino kuti mafumu, a Boma ndi oyang'anira minda akhale pansi m'chilimwe, napangane za chipata chimene chidzatsegulidwe, thirakitala imene idzatuluke, ndi nyumba imene idzalandire othawa. Mutu umodzi susenza denga, ndipo pangano lopangidwa usiku wa chigumula lichedwa.

Abale, kuyambira bwato la Bishopu Mackenzie kufikira ndege za 2023 papita zaka zoposa 160. Zonyamulira zasintha, koma Ruo akali pomwepo, zitunda zikali zotsetsereka, ndipo mtunda wotsiriza ukali kuyendedwa ndi miyendo ya munthu wa m'mudzi. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Inu amene mwawerenga mau awa, muwawerengerenso anzanu osadziwa kuwerenga, ndipo pa msonkhano wa mudzi ukudzawo mufunse funso ili: ulalo wathu ukachoka usiku uno, ufa udzadzera kuti, ndipo adzausenza ndani?